Dailesi anachedwera pa mjigo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamene anandiveka tayi ya upulifekiti, n'kundipatsa kabuku ka ochedwa, n'kundiimika pa geti. Ndinali mu Giledi 11 pa sekondale ina ya boma kumapeto kwa tauni ya Petauke, kumene nyumba za malata zimathera ndipo minda ya chimanga imayambira. Dzina lake sinditchula. Amene anaphunzirapo aizindikira okha.

Sukuluyo inayamba ngati pulayimale ya zipinda zitatu. Njerwa zake anaumba ndi makolo a m'midzi yozungulira, abambo akuponda dothi, amayi akutunga madzi. Kenaka tauni inakula n'kuipeza, boma linawonjezera zipinda, ndipo inasanduka sekondale. Kuyambira pamenepo inkachita manyazi ndi kumene inachokera. Ahedi oyamba a sekondale anaika lamulo loti phazi lopanda nsapato lisadutse pa geti, ati pano si pa pulayimalenso. Iwo anasamutsidwa ine ndisanafike, koma lamulo lawo linatsala, ndipo panalibe amene ankafunsa kuti likutithandiza chiyani.

Lamulo lina linali la zitsa. Pamene pali bwalo la mpira lero panali tchire la miombo. Mitengo anadula kale, koma zitsa zinatsala mbwee. Aliyense wochedwa ankapatsidwa khasu, nkhwangwa ndi chitsa chake, ndipo m'kalasi ankalowa belu la bureki litalira. Aphunzitsi ankanyadira pouza alendo kuti bwalo lonselo likulambulidwa ndi anthu okonda tulo. Alendowo ankaseka, ifenso tinkaseka.

Ine kusekako kunali kosavuta. Bambo anga anali kalaliki ku maofesi a boma, ndipo kuchokera kwathu kufika pa geti panali mphindi khumi. Nsapato ndinkavalira m'nyumba, nditamwa kale tiyi. Kuchedwa ndinkakuona ngati matenda a alesi.

Pa desiki ndinkakhala ndi Dailesi Daka, mtsikana wamtali, wosalankhulalankhula, wa m'mudzi wina kuseri kwa dambo. Ankayenda pafupifupi maola awiri. Masamu ankawamva ngati nkhani za kumpanda, pamene ine ndinkangoona manambala akuvina pa bolodi, choncho kope langa linkadalira iyeyo. Sindinali mnzake wa pamtima kwenikweni, koma nkhani ya kwawo anandiuza. Bambo ake sankafuna kuti apitirire Giledi 9. Munda wa thonje unali waukulu, manja ochepa, ndipo mayi ake ndi amene ankachonderera chaka ndi chaka. Mvula ikangoyamba, mkanganowo unkayambiranso.

"Atate akuti chaka chino ni choyesa chabe," anandiuza tsiku lotsegulira sukulu. "Akaona kuti palibe chamene nichita kuno, nibwelela kumunda."

Ndinamva, ndinagwedeza mutu, n'kumupempha kuti andionetse funso lachitatu.

Temu yoyamba ndi ya dzinja. Njira za kumidzi zinkasanduka phala, ndipo ana a kumeneko sankapenga kuti aponde matope ndi nsapato zimene zinayenera kuwafikitsa Giledi 12. Ankazinyamula m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi masokosi. Patsidya pa msewu, moyang'anizana ndi geti, panali mjigo. Pamenepo ndi pamene ankatsuka mapazi, kuwapukuta ndi masamba, n'kuvala nsapato kuti alowe ngati anthu a sekondale. Vuto linali loti nthawi yomweyo ndi imene amayi a m'komboni ankatunga madzi. Zigubu zinkandanda mpaka kumsewu, aliyense ali ndi ana ofunika kusamba ndi mwamuna wofulumira ku ntchito. Mwana wa sukulu ankadikira mpata pakati pa chigubu ndi chinzake. Belu, lomwe linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pa mtengo, linkalira mwanayo ali phazi limodzi m'madzi.

Achiwiri kwa ahedi anali a Chanda, bambo wa kumpoto, waukhondo, wosakonda nkhani zazitali. Pondipatsa kabuku kaja anati, "Belu ikalila, wamene ali kunja kwa geti ni wochedwa. Palibe za munzanga, wamvela?" Ndinamvadi, ndipo ndinasangalala, chifukwa ntchito yopanda kuganiza imakoma.

Tsiku loyamba limene ndinalemba dzina la Dailesi, iye anaseka. "Lemba, mwana wa boma," anatero, akumanga zingwe za nsapato. Tsiku lachiwiri anangomwetulira. Pofika sabata yachitatu ankangodutsa n'kulunjika kosungira makasu, osadikira kuti ndimuuze. Ndinamufunsa kamodzi chifukwa chake sankalawira. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za kumwezi, n'kundiuza kuti dambo likadzaza munthu sawoloka kusanayere.

Masamu anali phunziro loyamba masiku anayi pa sabata. Ife tikulemba, pawindo pankamveka nkhwangwa ikugunda mizu yonyowa, phokoso lolemera ngati la mtondo wa kutali. Pa bureki Dailesi ankalowa akununkha dothi ndi thukuta, matuza ali m'manja, n'kubwereka kope langa. Ankakopera, kenaka n'kundifotokozera zimene ine ndinalemba osazimva. Patapita milungu anayamba kuwodzera pa desiki. Mayeso a pakati pa temu anapeza malikisi ofanana ndi anga, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, mumtima ndinakondwa pang'ono.

M'mawa wina mayi wina wachikulire wa pa mjigo anandikodola. Anali amai Tembo, amene ankagulitsa zitumbuwa pa bureki. Ndinawoloka msewu kabuku kali m'manja.

"Iwe Esinati," anatero, "uyu mwana amafika pano iwe ukalibe kuimilila pa geti pako. Sumuona?"

"Nimamuona, amai. Koma lamulo ni la pa geti."

"Geti!" Anatula chigubu pansi. "Manzi youmbila njelwa za iyo geti ninatapa ndine, nilibe nsapato. Manje lelo geti yakula, siziba bantu?"

Amayi ena anaseka. Ndinabwerera pamalo panga ndikudziuza kuti anthu osaphunzira samvetsa za malamulo. Panali zambiri zoti ndikanachita, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chinali cholemera. Ndikanatha kuwauza a Chanda zimene zinkachitika patsidya pa msewu. Ndikanatha kuika ndowa ya madzi pafupi ndi geti. Ndikanathanso kungochedwa kutsegula kabuku. Koma tayi ija ndinkaikonda, ndipo ndinkaopa kuti ena anena kuti ndikukondera wa pa desiki panga.

Linali Lachinayi pamene zinatha. Bambo ake a Dailesi anabwera ku tauni pa njinga kudzagula mankhwala opopera thonje, ndipo msewu wawo unkadutsa m'mbali mwa bwalo. Cha m'ma naini anaona mwana wawo ali m'dzenje mpaka m'mawondo, siketi atakwinyira m'chiuno, nsapato atazipachika pa chitsamba, akulimbana ndi muzu. Anzake onse anali m'kalasi.

A Chanda anandiitanitsa ku ofesi kuti ndibwere ndi kabuku. Ndinapeza a Daka atakhala pa benchi, chipewa chili pa bondo, matope a m'njira akuuma m'miyendo. Dailesi anaima pakhomo. A Chanda ankafuna kuwaonetsa bambowo kuti chilango sichinali cha nkhanza, choncho anandiuza kuti ndiwerenge masiku amene mwanayo anachedwa. Ndinawerenga mokweza, bwinobwino, ngati ndikuwerenga m'tchalitchi. Anali masiku makumi awiri ndi atatu.

A Daka sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangopukusa mutu, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Aphunzitsi, chilango sinikana iyayi. Koma ine nimadziŵa kuti mwana ali mu kilasi. Ngati nchito yake kuno ni kuzula vitsa, kumunda kwanga vitsa viliko vambili. Akazule va atate ŵake."

"Bambo, tiyeni tikambe bwino," anatero a Chanda, ndipo kanali koyamba kuwaona atasowa poyambira. Anafotokoza za mayeso a Giledi 12, za nzeru za mwanayo, za tsogolo. A Daka anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, anathokoza, n'kuvala chipewa chawo.

Dailesi analowa m'kalasi kudzatenga mabuku. Ine ndinali nditabwerera kale pa desiki. "Sendela, nitenge vintu vanga," anatero. Ndinasendera. Pawindo ndinamuona atakhala kumbuyo kwa njinga, botolo la mankhwala lili pamiyendo pake.

Tinkayembekezera kuti Lolemba abwera, poti makolo amapsa mtima n'kuzizira. Sanabwere. A Chanda analemba kalata, inapita ndi mwana wina wa mudzi womwewo, yankho silinabwere. Chaka chotsatira, ife tikukonzekera mayeso, tinamva kuti wakwatiwa. Ine kabuku ndinakasunga mpaka tsiku lomaliza, ndipo pa mwambo wotsanzikana anandiyamika kuti ndinali pulifekiti wosakondera.

Tsopano ndine mphunzitsi ku Nyimba, ndipo ndatopa momwe amatopera aphunzitsi, ndi makalasi odzaza ndi malamulo amene sindidziwa anawabweretsa ndani. Chaka chatha ndinakwera basi pa Petauke ndikubwerera ku Nyimba, ndipo mayi amene anakhala pafupi nane, atafungata dengu la chakudya cha wodwala, anali Dailesi. Ankapita ku Minga kukaona apongozi ake m'chipatala. Anandizindikira iye poyamba. Tinafunsana za ana, za mvula, za mtengo wa thonje. Ali ndi ana asanu, ndipo bambo ake anamwalira. Nditaona kuti potsikira pake payandikira, ndinalimba mtima n'kumupepesa za zitsa zija. Mawu ndinali nditawakonza kwa zaka zambiri, koma anatuluka opindikapindika.

Anayang'ana kunja pawindo.

"Atate anali kufuna chabe poyambila," anatero. "Na vitsa sivinanibabe, kumunda timazula. Chamene chinanibaba ni ichi, Esinati. Kuseni kulikonse nikafika pa mjigo belu isanalile, ninali kukweza kwanja kuti unione kuti nafika. Iwe unali kuyang'ana pa wochi."

Za dzanja lija ndinali nditaiwala, kapena ndinadziiwalitsa. Atangonena, ndinaliona, lonyowa, lili m'mwamba pakati pa zigubu. Basi inaima, kondakitala anakuwa kuti a Minga atsike. Dailesi ananyamula dengu lake, anandiuza kuti ndikapereke moni kunyumba, n'kutsika.

M'kabuku muja sindinalembemo bodza ngakhale limodzi, ndipo kwa zaka zonsezi ndinkadzitonthoza ndi zimenezo. A Chanda anachita ntchito yawo, a Daka anachita zimene ankaona kuti n'zothandiza pakhomo pawo, inenso ndinachita yanga, ndipo mtsikana wanzeru kuposa tonse m'kalasi muja anakathera m'munda wa thonje popanda wina womuthamangitsa. Lero ndikudziwa kuti lamulo lilibe maso, n'chifukwa chake amaimikapo munthu. Pa geti paja munthuyo ndinali ine. Dailesi sanachedwe tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamuona.