Zilembo Zitatu Zimene Ndinkazidziwa Kale

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pamene sukulu yathu ku Coventry inalengeza ulendo wokagwira ntchito yongodzipereka ku Malawi. Ndinalembetsa mwakachetechete. Chichokereni ku Ntcheu mayi anga atamwalira, ndinali ndisanapondekonso. Ku Foleshill, dera la mu Coventry momwemo, amene ankandilera anali mayi anga aang'ono, ndipo anzanga ankangoti ndi amene anandibereka. Sindinkawatsutsa.

Ofuna kupita tinkakumana Lachitatu tikaweruka, m'chipinda chonunkha majekete onyowa. Mayi wa bungwe lokonza ulendowo ankalankhula mothamanga, zilembo zokhazokha: NGO, CBO, M&E. Ine ndinkazikopera m'buku langa lolembamo za tsiku ndi tsiku, n'kumakazifufuza pa foni m'basi, kuopa kuti angandifunse, ndilephere, andisiye.

Tsiku lina anati, "Ambirinu mukathandiza ma OVC."

Apa foni sinafunike. Ku pulayimale kwathu aphunzitsi ankati, "Ma OVC mutsale, enanu kazipitani." Tinkatsala ife ana amasiye ndi ena ovutika, kuima pamzere padzuwa, alendo n'kutipatsa makope, n'kutijambula. Mtsikana wina mwa alendowo, wonunkhira mafuta oteteza khungu ku dzuwa, anandinyamula m'chiuno mwake, kumwetulira kamera. Dzina sanandifunse.

Sabata imeneyo sindinakhazikike. M'kalasi ndinkangosuzumira pawindo. Bwanji ngati wina ku Malawiko akandizindikira pamaso pa anzanga? Ndinaganiza zongosiya ulendowo.

Loweruka mayi aang'ono ankasita yunifolomu yawo, ine ndikuzungulirazungulira.

"Iwe Tadala, utha kapeti ya eni nyumba. Chavuta n'chiyani?"

Ndinawafotokozera, maso ali pansi.

"Ndiye ukathawe kwanu chifukwa cha zilembo?" Anatembenuza malaya aja. "Ine kuntchito kosamalira okalamba kuja ndine HCA. Koma amene ndimawasambitsa aja amandiitana kuti Esinati, chifukwa ndinawauza. Nanga iwe wauza ndani?"

Lachitatu lotsatira ndinakweza dzanja, koyamba chaka chonsecho.

"Ine ndinali OVC," ndinatero. "Kodi ana amenewo tingadziwe mayina awo tisanapite?"

Mayi wa bungwe uja anatseka kompyuta yake pang'onopang'ono, n'kuvomera kuti mayinawo sakuwadziwa, koma akafunsa. Potuluka palibe anandiseka. Mnzanga Simran anangondikola mkono mpaka pokwerera basi.

Ku Malawi ndinapita, ndipo ku Ntcheu ndinakaona manda a mayi anga.

Lero ndikumvetsa kuti zilembo zija sizinapangidwe mwankhanza. Zimafupikitsa ntchito, inenso ndimazilemba pantchito yanga yothandiza ana. Kungoti mwana sakwanamo. N'chifukwa chake akaima patsogolo panga ndimayamba ndanjuta, n'kumufunsa kuti, "Dzina lako ndani?" Kenako ndimadikira, ngakhale achedwe kuyankha ngati mmene ndinachedwera ine.