Tsamba Lomaliza la Buku Lobwereka

Fungo la fodya wopichira landikumbutsa lero buku limene aphunzitsi anandibwereka ku Mitundu, chaka chimene sukulu inakhala yaulere. Inali nthano yakale yolembedwanso, ya ana awiri amene bambo awo anakawataya m'nkhalango chifukwa cha njala. Ndisanamalize kuwerenga, tsamba lomaliza linasowa.

Kwathu ku esiteti nakonso ufa unali utatha. M'mawa wina bambo anati, "Vala diresi lako labwino, tipite ku Nathenje." Anamangirira zovala zanga zonse panjinga. Amayi sanatuluke m'nyumba kudzatsanzikana nane.

Tili panjira, bambo anaimitsa njinga n'kuyamba kupichira fodya m'pepala la zilembo zikuluzikulu. Ndinalizindikira: linali tsamba lomaliza lija.

"Ababa, kodi ana a m'bukumo anabwerera kwawo?"

Anayatsa machesi, pepala lija n'kugwira moto.

"Kwera njinga. Kudakali kutali."