Mwala wa alamu anga pamzere wa madzi

Ndisanayambe, mboni zanga ndi izi. Amake Chisomo, mkazi wanga, amene chikwatiranireni sanavomerezepo nkhani yanga iliyonse kupatula ino. Ba Mulenga, mkulu wa mpingo wosunga Sabata, munthu amene ngakhale wotchi yake sinama. Ndi Mai Tembo ogulitsa vitumbuwa, amene amaona zonse za mu Kabwata, ndi zimene zisanachitike zomwe. Mukakayika, kafunseni.

Mlungu wathawu mipopi ya kumafulatsi kwathu inauma. Inauma moti mphemvu zinasamukira ku Woodlands, ndinaziona ndi maso angawa zitasenza katundu. Tonse tinayamba kutunga pachitsime cha tchalitchi china chapafupi, chimene pampu yake imadzuka pokhapokha malaiti akabwera.

Inu a mu Lusaka lamulo lake mukulidziwa. Munthu saima pamzere. Umalawira, n'kuika mwala, n'kubwerera kunyumba. Woima ndi mwala. Vuto ndi lakuti miyala yonse ndi yapachibale. Lolemba ndinaika wanga pa nambala sikisi, pobwera ndinapeza mayi wina akulumbira kuti mwalawo ndi wake, anakula nawo.

Lachiwiri ndinaganiza mwanzeru. M'kabati yathu ya magalasi, pakati pa makapu amene sitimwera, munali mwala wa alamu anga Ba Daliso, achimwene a mkazi wanga, umene anatisungitsa posamukira ku Chelstone. Wosalala, waukulu ngati theka la buledi, wozokotedwa zilembo zolendewera ngati zovala pachingwe. Ndinati uwu wokha palibe anganene kuti anakula nawo. Ndinakauika pa nambala folo.

Malaiti atabwera ndinafika ndi zigubu zanga. Mzere unali utapindika kuulambalala mwalawo. Galu wa alonda anafika, anaima, anaganiza, n'kudzera mbali.

"Uyu mwala ni wa ndani?" anafunsa Mai Tembo. "Ivi volemba si va kuno ivi. Ni va mumdima."

"Mwine wake abwele, timuone nkhope," anatero mayi wina, kabotolo ka mafuta odzozera kali kale m'manja.

Ine, bambo wa ana atatu, ndinauyang'ana mwalawo n'kupukusa mutu. "Anthu ena alibe mantha," ndinatero, n'kukaima kumapeto. Ndinati ndiutola anthu akabalalika. Anthu atabalalika, mwala palibe.

Nditawaululira kunyumba, Amake Chisomo sanakalipe. Anangoti, "Ba Daliso abwela Loweluka kutenga vinthu vao," n'kupitiriza kusita. Malaya amene ankasitawo anali anga, ndipo nsimbi sinasunthe pakolala mpaka utsi.

Ndinaimba foni. "Mulamu, muli shani uko? Uja mwala wanu, ngati munthu afuna unangu, angaupeze m'tauni?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anandifotokozera, mokondwa kuti mlamu wawo wayamba kukonda maphunziro. Akuti ali kukosi ya zamisewu kunja, anawatengera ku Tibet, dziko la pamwamba pa mapiri kumene mpweya umachita kupempha. Kumeneko anthu amasema pemphero pamwala, chilembo ndi chilembo, pemphero lofunira chifundo zamoyo zonse. Akamaliza saulowetsa m'kabati. Amakauika pamulu m'mbali mwa njira, pamwamba pa miyala ya anthu ena, mpaka muluwo umasanduka khoma lalitali. Wina amaikira malemu ake, wina ulendo wake. Wodutsa amauzungulira muluwo uli kudzanja lake lamanja, ndipo palibe amatolapo. Wawowo anaupeza kwa mkulu wina wosema, wa zala zong'ambika, amene anawamwetsa tiyi tsiku limene mutu unkawazungulira ndi kutalika kwa phiri.

"Sinipemphela monga beve," anatero Ba Daliso, "koma nikaugwila nimakumbukila uja mudala. Ausunge bwino ba sisi."

Ndinati ausunga bwino kwambiri.

Lachinayi ndinapita kwa wosema miyala ya pamanda, nditajambula zilembozo papepala mmene ndinkazikumbukira. Anatembenuza pepalalo kanayi. "Bwana, anabadwa liti, anamwalila liti?" Ndinabwerako wapansi, ndipo m'njira ndinaganiza.

Tikamva kuti kwinakwake anthu amalemekeza miyala, timagwira pakamwa. Ife? Ife amene timalambalala njerwa yosweka pamzere wa kukiliniki, koma n'kukankha gogo wa ndodo? Yesani kusuntha mwala wa munthu pachitsime muone nkhondo yake. Yesani kupitirira munthu weniweni, mungomva "aa, imwe," basi. Padenga mwala, kuseri kwa tayala mwala, pamzere mwala. Mzinda uno ukuyendetsedwa ndi miyala, ife timangothandizira.

Kusiyana n'kumodzi. Awo amasiya mwala panjira kuti uzinenera aliyense wodutsa zabwino mwini wake atapita. Ifenso timasiya mwala kuti utilankhulire tili kunyumba, koma wathu umadziwa mawu awiri okha: ine poyamba. Ndiye wodabwitsa ndani?

Lachisanu madzulo, dzuwa litatsala chala chimodzi kuti lilowe, kunamveka kugogoda. Ba Mulenga, thukuta lili kamukamu, atanyamula kanthu kokulunga m'mpango woyera. Anathamanga moti nsapato zawo zinafika pambuyo pake.

"Siningalowe mu Sabata na chinthu cha mwine," anatero.

Akuti anautola atamva azimayi akupangana zokauponya m'ngalande. Zilembozo sanazimve, koma anaona kuti pali munthu amene anakhala pansi masiku ambiri kuzisema, ndipo thukuta la munthu siliponyedwa m'ngalande. Anautsuka ndi madzi a m'chigubu chawo chimodzi chomwecho. Masiku atatu anadikira kuti mwini wake alimbe mtima.

"Manje munaziba bwanji kuti ni ine?"

"Ba Phiri, munthu wamene akuti anthu alibe mantha, uku ayangana mwala monga mwana wake ali pa siteji? Nenze chabe kuyembekeza kuti mukambe mweka. Koma zuba siyembekeza."

Amake Chisomo anawapatsa tiyi m'kapu ya m'kabati, ija sitimwera. Ine anandipatsa m'yapulasitiki, koma anandipatsa.

Loweruka Ba Daliso anabwera, anaugwira mwala wawo, nati sunawalepo chonchi, tili ndi manja abwino. Ndinavomera.

Madzi sanabwerebe. Lero ndili pa nambala sate-wanu ndi chidutswa cha njerwa, ndalembapo PHIRI ndi penti yofiira. Ndikulemba zino pali mayi wina waimirira pomwepo. Akuti ndi dzina la amuna ake.