Diso limene adadya a banko

Kwathu ku Lifidzi mkazi wosamala amadziwika pa nkhokwe. Satapa chimanga cha mwezi wonse tsiku limodzi, ayi. Amatapa lichero limodzi n'kutseka, ndipo akamadutsa amasuzumiramo kuti aone ngati makoswe sadalowe. Ine ndachita zimenezi zaka zonse za ukwati wanga, ndipo njala yeniyeni sidagonepo m'nyumba mwathu, Mulungu alemekezeke. Ndiye pamene mwana wanga wachisamba, amene ndi pulofesolo, ndiye kuti mphunzitsi, ku Ulongwe, adandipatsa kalatawu, kakhadi ka banko kotapira ndalama, n'kunena kuti, "Mama, iyi ndi nkhokwe yanu tsopano," ine ndidamva ndithu. Akadakayerekeza ndi chinthu china, mwina bambo ake akadakhala ndi maso awiri lero.

Bambo a kunyumba adachita ng'ala maso onse. Zidayamba pang'onopang'ono, mpaka chaka china ndidawapeza kumunda akupalira nyemba n'kumasiya udzu uli chilili. Tidamva kuti ku Malawi, kupitirira Dedza, kuli chipatala cha mishoni kumene kumabwera madotolo ochotsa ng'ala, ndipo mtengo wa diso lililonse adatifunsira mlamu wanga. Tidagulitsa kachewere yense wa chaka chimenecho ndi nkhumba yaikazi, mwana uja adawonjezera malipiro ake a mwezi, ndipo ndalama idakwana maso awiri, minibasi imene kwathu timati chapa, chakudya, n'kutsala kochepa kogulira sopo.

Ine ndinkafuna kuimanga pansonga ya chitenje. Mwanayo adakana.

"Mama, amuna osintha ndalama pamalire aja ndi akuba. Amakuwerengerani mofulumira, mukafika uko mupeza zaperewera. Banko siba. Mukalowetsa kalatawu m'makina a ku Malawi, itulutsa makwacha yokha."

Adandiphunzitsa kodigo, manambala anayi achinsinsi, ndipo ndinkawabwereza ndikamaliza kolona kuti ndisaiwale. Pamalire ndidawadutsa amuna aja ndi mitolo yawo ya ndalama ngati sindikuwaona. Mmodzi adati, "Amayi, tisinthe?" Ndidati, "Pepani bambo, ife tili ndi banko." Ndidayankhula monyada, ndipo ndidakaulula kale kwa ansembe.

Kuchipatala adatilandira bwino, koma adapeza kuti magazi a bambo akuthamanga kwambiri. Adati ayambe amwa mankhwala, mpeni udikire. Tidakhala masiku khumi ndi awiri, iwo m'chipinda cha odwala, ine kukhitchini ya odikirira pamodzi ndi amayi anzanga. Foni yanga idasiya kugwira titangowoloka malire, idasanduka tochi basi.

Makina a ndalama adali pamsika, mtunda wa theka la ola. Ankalemba Chingelezi chokhachokha, koma mlonda wa pamenepo, bambo wachikulire wa ndevu zoyera, adandionetsa pobaya ukafuna kutapa ndi pobaya ukafuna kuona saludo, ndiye kuti zotsala. Tsiku loyamba nditaona nambala ndidagwira pakamwa. Ndalama yathu ya metikali itasanduka makwacha idatalika mpaka kudzaza galasi lonse. Ndidayamika Ambuye pomwepo.

Tsono ndidachita monga ndimachitira kwathu. M'mawa uliwonse ndikatuluka ku misa ya pachipatala, ndinkapita kukatapa yongokwanira tsikulo: tomato, kabichi, makala, nthawi zina usipa wa bambo. Ndisanatape ndinkasuzumira, ndikatapa ndinkasuzumiranso. Anzanga akukhitchini ankandiyamikira kuti amayi a ku Mozambiki sawononga.

Patapita masiku anayi ndidaona ngati nambala ikutsika mofulumira kuposa mmene ndikutapira. Sukulu ndidalekera kalasi yachinayi, koma khoswe akalowa m'nkhokwe ndimadziwa. Ndiye ndidaganiza zomugwira. Ndidayamba kupitanso masana, osatapa kanthu, kungosuzumira. Ndipo zoonadi, ndinkapeza yatsikanso. Tsiku lina ndidasuzumira, ndidaima pambali kupemphera Tikuoneni Mariya katatu, ndidasuzumiranso, ndipo idali itatsika ine ndili pomwepo.

"Mwabweranso, mayi?" adatero mlonda uja. "Inu makinawa mumawayendera kuposa eni ake. Akadakhala munthu bwenzi atakupatsani mpando."

"Muli khoswe umu, bambo."

"Aa, ine ndimalonda kunja kuno. Za m'katimo amadziwa ndi mabwana."

Kwa amuna anga sindidanene. Munthu amene akudikira kuti magazi atsike sumuuza za makoswe.

Lachitatu la sabata yachiwiri dotolo adati magazi akhala bwino, diso loyamba mawa, lachiwiri mkuja, popeza madotolo a maso ankanyamuka Loweruka. Adanditumiza kukalipira. Mayi wa pawindo lolipirira adalowetsa kalatawu m'kamakina kake kakang'ono, ine ndidabaya kodigo. Kadalira, kadatulutsa kapepala. Adayesanso kachiwiri.

"Amayi, ndalama sikukwana ya maso awiri."

"Ikukwana, mwana wanga. Tidawerengera kwathu ndi pulofesolo."

Mayiyo adali wachifundo. Adandibwereka foni yake kuti ndiimbire mwana wanga, amene amatha kuona za m'banko pa foni yake. Ndidamva akupuma, kenaka adati, "Mama, ku makina mwapitako kangati?"

"Tsiku lililonse. Ndidangodumpha Lamulungu."

"Nanga izi zalembedwa apa, konsuta, konsuta, konsuta, mzere wonse mpaka pansi?"

"Kumeneko ndi kusuzumira. Sindidatenge kanthu."

Mwanayo adayamba kundifotokozera pang'onopang'ono.

"Mama, kunja kwa dziko kusuzumira amalipiritsa. Kutapanso amalipiritsa, banko yathu idula tasha yake, eni makinawo adula yawo, posintha metikali kukhala kwacha adulanso."

"Ngakhale nditape ya tomato yokha?"

"Ya tomato kaya ya ng'ombe, pakhomo mulipira ndithu. Mukadatapa kamodzi yonse n'kumanga pachitenje."

"Iwe, si ndiwe udandiletsa chitenje?"

"Inenso sindidatulukepo m'dziko ndi kalatawu, mama. Pepani."

Ndidamufunsa ngati angathe kuwonjezera. Adati mwezi uli pakati, ndipo zonse adali atatipatsa kale. Chopereweracho sichidali chachikulu, mwina matumba awiri a kachewere, koma kudziko la eni matumba awiri sungawapemphe kwa munthu. Anzanga akukhitchini nawonso ankagawana mchere pasupuni. Ndidalipira diso limodzi, kamakina kadavomera msangamsanga, ndipo ndidapita kukakhala pamphepete pa bedi la bambo.

Ndidawafotokozera zonse, osabisa ngakhale za Tikuoneni Mariya zija. Ndinkayembekeza kuti akalipa. Iwo adaseka mpaka wodwala wa bedi loyandikana adafunsa chimene chachitika.

"Ndiye khoswe uja mumamudyetsa ndinu, mayi, pomusuzumira?"

"Ndi ine, bambo."

"Tsono a banko adya diso limodzi. Anena kuti adya liti?"

"Sadanene."

"Apatseni lamanzere. Ndi lomwe lidayamba ulesi."

Ine ndidalira, iwo adandigwira dzanja atalifufuza kaye pabulangete. Adati zaka makumi atatu ndawadyetsa ndi kusamala komweko, sangandiweruze chifukwa kwalephera kamodzi pamakina a Chingelezi.

Mawa lake adachotsa ng'ala ya kumanja. Atamasula bandeji, bambo adayang'ana denga, adayang'ana dzanja lawo, kenaka adandiuza kuti chitenje chimene ndidavala adandigulira okha koma sankadziwa kuti chili ndi nsomba. Ndidagwada pansi pomwepo pamaso pa anamwino, ndipo sindidachite manyazi.

Pobwerera, titangowoloka malire, foni yanga idadzuka. Idayamba kulira osalekeza, ti ti ti, mauthenga onse a banko a masiku aja akulowa motsatana. Bambo adaphunzira ku mishoni ya Fonte Boa ndipo Chiputukezi amachidziwa, ndiye adaitenga n'kuyamba kuwerenga mokweza m'chapa ndi diso lawo latsopano. Uthenga uliwonse unkanena zimene adula, n'kumaliza ndi kuthokoza kuti tidasankha banko yawo. Adatithokoza koposa makumi atatu. Mayi wina wonyamula nkhuku adati, "Koma ndi anthu aulemu." Woyendetsa chapa adati iye akakubera pa mtengo wa ulendo sathokoza, ndiye aphunzirepo.

Ine a banko sindiwasungira chakukhosi. Adalemba zonse poyera, akuti zidali m'mapepala amene ndidasainira ku Ulongwe, masamba asanu a timalemba tating'ono ngati nthanga za fodya. Amuna a pamalire aja akadandidya kamodzi kokha, atandipatsa moni. Awa adandidya tsiku ndi tsiku mwadongosolo, ndipo pa chilichonse adandipatsa kapepala.

Ndalama yotsala ya diso lachiwiri tidagulira adubu imene ku Malawi amati feteleza, ili m'munda wa kachewere, ndipo chaka chino wachita maluwa bwino. Akakhwima, Mulungu akalola, tidzawolokanso. Padakali pano bambo amapalira okha nyemba zawo, mizere yowongoka, koma chobwera kumanzere sachiona. Ndiye tikamapita kutchalitchi Lamulungu ine ndimayenda mbali imeneyo, kuwachenjeza za njinga ndi maenje.