Duwa limene Gawie anataya kudzala

Mlongo wanga Gawie Odendaal sanakwatire, ndipo anthu kuno ku Fouriesburg ankati anakwatira maluwa. Ine sindinkawatsutsa. Masana ankagulitsa waya ndi mankhwala a nkhosa m'sitolo ya alimi, koma mtima wake unali kuseri kwa nyumba yathu, m'mizere ya maluwa a ayirisi, aja okhala ndi kandevu. Ankafuna chinthu chimodzi basi: duwa loyera mbee pamwamba, lofiira psuu m'munsi. Koma ayirisi safiira wamba. Ukawakakamiza amakupatsa mtundu wa dzimbiri kapena wa chiwindi chophika, ndipo Gawie anakolola dzimbiri ndi chiwindi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Okutobala aliyense ankatapa mungu pa duwa lina ndi kachopanira kanga ka nsidze, kamene sanandibwezere mpaka lero, n'kuupaka pa linzake. Akafesa njere ankadikira zaka ziwiri kuti mbande zionetse maluwa. Pa mbande mazana atatu, zosunga zinkakhala zinayi kapena zisanu. Zotsalazo ankazula n'kukataya kudzala, kunja kwa mpanda.

Pa ntchito imeneyi munthu sasankha yekha, chifukwa mwini mbande amazimvera chisoni zonse. Umaitana mnzako wodziwa kuti ayende nawe m'mizere, azikuuza chosunga ndi chozula, ndipo mawu ake sutsutsa. Mnzake wa Gawie anali Wikus Terblanche, amene anaphunzira naye sukulu, mwini dimba logulitsa maluwa ku Bethlehem, tawuni yoyandikana ndi yathu. Ankabwera chaka ndi chaka, kumwa khofi wanga, n'kundimalizira mabisiketi m'chitini.

M'mawa wina Gawie anandiitana ali kumunda.

"Ria, tabwera msanga. Kodi masowa akundinamiza?"

Sanali kumunamiza. Duwalo linali loyera pamwamba, m'munsi lofiira ngati magazi a nkhosa yongozingidwa kumene. Gawie anakhala pansi pa dothi, munthu wa imvi, n'kumangoliyang'ana.

Wikus atafika anaima pa duwalo nthawi yaitali, anavala magalasi, anawavulanso.

"Aaa, amwene, mwayamba kukalamba eti? Ichi mukuti chofiira? Dikirani dzuwa likwere, muona chiwindi chanu chomwe chija. Taonaninso phesi lake kuwonda. Mphepo ya kuno ingoligwetsa. Zulani."

"Koma Ria akuti n'lofiira," anatero Gawie.

"Ria amadziwa mabisiketi. Achemwali musakwiye, tathiraniko khofi wina."

Ndinaseka nawo, chitsiru ine, ndipo khofiyo ndinathiradi. Gawie anazula duwalo tsiku lomwelo n'kuliponya kudzala. Muzu wa ayirisi ndi wonenepa ngati jinja, ukhoza kugona padzuwa milungu ingapo osafa. Galimoto ya Wikus inali itaima pomwe inkaima nthawi zonse, pafupi ndi dzalalo.

Patapita zaka zinayi, kabuku kotsatsa maluwa a Wikus kanabwera pa positi. Pachikuto panali duwa lathu lija. Analitcha dzina la mkazi wake, ndipo m'munsi munalembedwa kuti analibereketsa ndi W. Terblanche. Gawie analizindikira ndi kandevu kake kopendekera mbali imodzi. Sanadye tsiku limenelo. Kutacha ndinamukweza m'galimoto mpaka ku Bethlehem, chifukwa yekha sakanapita.

Tinamupeza Wikus akuthirira mzere wathunthu wa duwalo. Sanachite n'komwe manyazi.

"Amwene, chinthu cha kudzala chili ndi mwini? Munataya nokha, ine ndinangotola. Pakanapanda ine bwenzi litauma."

"Unandiuza ndiwe kuti ndizule, Wikus."

"Ndinakugwirani dzanja ngati?"

Ine ndinamulalatira mpaka antchito ake anasiya makasu n'kumationerera. Gawie anangogwira tsamba limodzi la duwalo ndi zala ziwiri, n'kubwerera kugalimoto. Ndimadana naye Wikus, ndipo tikakumana m'tchalitchi ndimakhala mbali ina.

Anthu ankayesa kuti Gawie asiya maluwa. Sanasiye. Anapitiriza kupaka mungu ndi kufesa njere, koma sanaitanenso munthu m'mizere mwake, ndipo sanazulenso mbande ngakhale imodzi. Ankaopa kuti chimene angataye chikhala duwa lomwe ankafunalo. Tsono ayirisi akathinana sachita maluwa. Mizu inakwerana, masamba anadzaza munda wonse, ndipo Okutobala wathayu maluwa anali owerengeka, onse a dzimbiri.

Zinandipweteka kumuona akuzungulira m'masamba okhaokha. Ndinatenga fosholo n'kumutsatira.

"Achimwene, munda ukufa uwu. Lolani ndikuthandizeni, tizuleko pang'ono."

Iye anati, "Chabwino. Loza."

Ndinaloza duwa loipa kuposa onse, lofota, la mtundu wa matope. Gawie anayang'ana duwalo, kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali, ine amene ndamuphikira kuchokera pamene amayi anamwalira.

"Bwanji limeneli, Ria? Walionamo chiyani?"

Anandilanda fosholo m'manja mofatsa, anandiperekeza mpaka pageti la munda, n'kulitseka ndi loko ine ndili kunja.