Mlamu Wanga ndi Galasi Lake

Mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, ndi wojambula zikwangwani. Mitu yonse ili pamakoma a ometa tsitsi mumsewu mwathu ndi ntchito yake, ndipo mukaiyang'anitsitsa yonse ili ndi mphuno imodzi, yake yomwe. Munthuyu sajambula popanda galasi. Amaliimika pambali, n'kumadziyang'ana, n'kumakopera. Timamutcha Chigalasi, ndipo amayankha.

Anabwera kwathu akuti angogona masiku ochepa, mpando wanga wa pabalaza n'kusanduka bedi lake. Ine mwini nyumba mpira ndinkaonera nditakhala pachidebe.

Kenako akazi anga anamupezera ntchito kusukulu ya mkaka ya Chisilamu, kuseri kwa msika. Aphunzitsi a pasukulupo, mayi wosaseka ndi munthu, ankafuna zithunzi zazikulu zophunzitsira tiana makhalidwe: kusamba pokonzekera mapemphero a swala, kupereka moni, kudya ndi dzanja lamanja atatchula dzina la Allah. Anati akazichita bwino amupatsa kachipinda ka kumbuyo, azigonamo n'kumalondera. Ine, amene kupemphera ndinakuiwala kalekale, ndinamupempherera.

Anakangana tsiku loyamba lomwe. Aphunzitsi anati pasukulu pawo zithunzi sizikhala ndi nkhope. Iye anati munthu wopanda nkhope ndi dzira. Iwo anati mazirawo ndi amene akufuna, ngati zamuvuta chitseko ndi icho. Iye anajambula mazira ovala zisoti. Koma galasi sanalisiye. Ankanyamula supuni ndi dzanja lamanja, n'kukopera zomwe akuona mmenemo, osaganiza kuti galasi limatembenuza munthu. Aphunzitsi nawo maso anali pofufuza mphuno. Ataona kuti palibe, anapachika zithunzi.

Tiana timakhulupirira khoma kuposa mphunzitsi. Posakhalitsa makolo anayamba kufika nkhope zili gwa. Mwana amene ankadya bwinobwino tsopano akuti Bismillah mokweza, n'kupisa lamanzere m'mbale. Ukamudzudzula, akuti ndi mmene amadyera mwana wa pakhoma.

Mlamu wanga ataitanidwa kusukulu, ine ndinamunyamulira chikwama, ndikuyesa tsiku losamuka lafika. Aphunzitsi anamuimika pambali pa chithunzi, n'kumuuza kuti akweze dzanja lomwe mwanayo wagwirira supuni. Anakweza lamanzere, n'kuyamba kulikanda mutu nalo. Kenako anati vuto laling'ono ili, angogula galasi lalikulu, ana aziyang'anira mmenemo.

"Bambo inu," anatero aphunzitsi, "ndinakutumani zithunzi za ana, osati zanu. Galasi lanulo likakupatseni pogona."

Pobwerera chikwama ndinanyamulanso ine, iye akulalata njira yonse kuti wolakwa ndi mayi uja pomulanda nkhope. Mazira ake aja tsopano atsamira khoma la pabalaza panga, onse akudya ndi lamanzere. Dzulo ndikuonera mpira, anandigwira paphewa ali chigonere pampando wanga.

"Alamu, tasunthani chidebecho, mukunditchingira galasi."