Thumba la Mtedza Limene Lukiya Analikhalira

Amayi anzanga amene mukulera ana movutika, tamvani za Lukiya wa kwa Kawinga ku Machinga.

Tsiku lina Lukiya anabwera ku sikelo misozi ili mbwembwembwe. Mwana wake Mwai anali atapitirira chaka koma osaima, khungu likusupuka, tsitsi lofiira lothothoka. Iyeyo sukulu analekera panjira atatenga mimba, ndiye amayi ena pamzere ankanong'onezana kuti, "Kamwana kulera kamwana kanzake, mumati zitha bwanji?"

Mlangizi wa zaumoyo anamupatsa chiponde cha kuchipatala, kenako anamufunsa kuti, "Chikatha chimenechi, mudzamupatsa chiyani?"

"Phala la ufa woyera lomwelo, ndi kamchere."

"Mtedza simulima?"

"Timalima. Koma wabwino umapita kwa mavenda. Pakhomo pamatsala wofota ndi wachuku."

"Wachukuwo iyayi, ndi poizoni," anatero mlangizi. "Koma mvetsani. Pali mafuta ena amene thupi silitha kupanga lokha, mpaka munthu achite kudya. Mwana amawafuna kuti ubongo ukule, khungu lisalale. Ali mu mtedza, soya, chitowe, ngakhale nthanga za maungu zimene mumatayira nkhukuzo."

Lukiya anawasunga mawuwo mumtima.

Atakolola, panafika venda wochokera ku Balaka. Mwamuna wa Lukiya, Ambrose, anayamba kututa matumba monga mwa chaka chilichonse. Atafika pa thumba lomaliza, la mtedza wosankhidwa bwino, anapeza Lukiya atalikhalira, mwana ali kumsana.

"Amake Mwai, dzukani. Munthu akudikira."

"Adikire. Ili ndi la Mwai."

Venda anaseka chikhakhali. "Achimwene, kwanu kuno matumba amaswa anapiye? Taonani nkhuku yafungatira!"

"Mukundichititsa manyazi pamaso pa alendo," Ambrose anatero chapansipansi.

"Bambo a Mwai, manyazi aakulu ndi ati? Awa, kapena kunyamula kabokosi kupita nako kumanda?"

Ambrose anayang'ana timiyendo ta mwana tili lendelende m'nsalu. Anatembenuka n'kuuza venda kuti, "Mangani omwewo muzipita."

Ntchito inayambira pamenepo. Lukiya ankakazinga mtedza, kusinja, kusefa. Soya analibe, ndiye anakagwira ganyu yokolola kwa mnansi n'kupempha kuti amulipire soya yemweyo. Nthanga za maungu ankaziyanika pamphasa, nkhuku n'kumazithamangitsa ndi kamtengo. Zonsezi ankaphatikiza ndi mgaiwa.

Musaganize kuti zinayenda myaa. Mwai ankalavula phalalo, kulira, kukankha supuni. Amayi ake a Lukiya nawo ankangoti, "Nsinjiro zimutsegula m'mimba mwanayo, musiyeni." Lukiya anachepetsa muyezo, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka mwana anazolowera. Mwezi wotsatira sikelo sinasunthe n'komwe. Anabwerera kunyumba mtima uli zii, koma atangotula mwana anagwiranso munsi.

Mvula yoyamba isanagwe, khungu la Mwai linayamba kusalala, tsitsi likumera lakuda. M'mawa wina Lukiya akusinja, anamva kanthu kakukoka chitenje. Poyang'ana, Mwai waima yekha, wagwira mtondo. Anausiya, n'kuponya mwendo, kenako wina, mpaka anakagwera m'miyendo ya bambo ake amene ankanola khasu pakhonde.

Ambrose anamunyamula mwanayo. Kenako anati, "Amake Mwai, chaka chino soya ndi chitowe tidzale mbali iti?"

Lero Mwai amathamanga mudzi wonse, moti kumugwira kuti asambe ndi nkhondo.

Ndiye inu amayi anzanga, musadikire mafuta a m'botolo a kugolosale. Yang'anani zimene mwalima ndi manja anu. Chabwinocho chiyambe chalowa m'kamwa mwa mwana wanu, chotsalacho ndiye chipite kumsika. Akusekani, inde, koma musadzuke pathumbapo. Limbani mtima, mwana wanu ayenda.